Mphunzitsi ndi Nkhani Zoona za pa Wailesi ndi pa Kanema

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi, ku dera la bwalo la ndege, mumzinda wa Livingstone



Pa wailesi ndi pa kanema pamveka zinthu za mitundumitundu: nyimbo, masewero, mpira, malonda, ndi mauthenga a maliro. Pakati pa zonsezi pali mtundu umodzi umene mphunzitsi ayenera kuusamala koposa ina yonse, ndiwo nkhani zija zimene zikonzedwa mwadala kuti zifotokoze zinthu zoona, monga mbiri ya kale, nzeru za sayansi, miyambo ya mitundu ya anthu, ndi zochitika za masiku ano. Pa Chingerezi nkhani yotere aitcha documentary. Sewero aliyense adziwa kuti ndi lopeka. Mwana akaliona aseka, napita kukagona. Koma nkhani zoonazi zifika ndi ulemu wonga wa buku la sukulu. Wolankhulayo ali ndi mau odekha, zithunzi zake ziri zooneka bwino, ndipo mwana alandira zonse osatayako kanthu. M'mawa mwake adza nazo m'kalasi, ndipo mphunzitsi kapena agogo ake akanena zosiyana, iye ayankha kuti, "Ndinaona ndi maso anga."

Sikuyenera kuti mphunzitsi azitsekere kunja nkhani zimenezi, ngakhale akadakhoza kutero. Sukulu zambiri za m'midzi ziribe mabuku okwanira, ziribe chipinda choyeseramo za sayansi, ndipo ana ake sanaonepo nyanja yamchere, phiri lotulutsa moto, kapena tizirombo ta malungo tiri m'dontho la magazi. Kwa ana otere wailesi ndi kanema ziri ngati mlendo uja amene akuluakulu anati adza ndi kalumo kakuthwa. Komatu kalumo kakuthwa, m'mene kametera bwinomo, kachekanso munthu wosadziwa kagwiridwe kake. Tsono ntchito ya mphunzitsi ndiyo kuphunzitsa ana kagwiridweko.

Fanizo labwino lipezeka pa bwalo la milandu. Mboni ikafika ilandiridwa ndi ulemu, ipatsidwa malo, ndipo anthu akhala chete kuti inene zonse. Koma palibe mfumu yanzeru imene igamula mlandu mboniyo isanafunsidwe mafunso. Nduna ziifunsa kumene inaima, tsiku limene inaona zinthuzo, ndi ubale umene ulipo pakati pa iyo ndi mwini mlandu. Nkhani yoona ya pa wailesi kapena pa kanema ndi mboni yotere. Kawirikawiri sinama iai. Koma inaima pa malo amodzi, pa nthawi imodzi, ndipo alipo amene anailipirira ulendo.

Mzinda wa Livingstone ndiwo malo oyenera kukambirapo zimenezi. Bwalo la ndege liri pafupipa linatsegulidwa m'chaka cha 1950, ndipo mu Meyi 1952 ndege ya Comet ya kampani ya BOAC inatera pamenepo pochokera ku London kupita ku Johannesburg, pa ulendo woyamba pa dziko lonse wonyamula anthu olipira m'ndege ya jeti. Kuyambira masiku amenewo alendo a makamera akhala akutsika pa bwaloli, napita ku mathithi, ku mtsinje, ndi ku nkhalango za nyama. Akhala masiku owerengeka, nabwerera kwao kukakonza nkhani imene maiko ambiri adzaiona. Motero ana a chigawo chino aona kwao komwe kulikufotokozedwa ndi anthu a kutali. Ichi chiri ndi phindu lake, pakuti kuno mboni ikhoza kuyesedwa: chimene chanenedwa pa kanema mwana akhoza kukachiona yekha, kapena kufunsa agogo ake.

I. M'mene zinayambira

Wailesi ya boma inayamba kulankhula ku Lusaka m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iri mkati. Amene anaiyambitsa ndi Bambo Harry Franklin, mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani, ndipo cholinga choyamba chinali kuuza anthu za nkhondoyo ndi za ana ao amene anapita ku usilikari. Nkhondo itatha nyumba ya wailesiyo inakuzidwa, nitchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inapatsidwa ntchito yolankhula kwa anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi.

Bvuto linali lakuti m'midzi munalibe mabokosi omvera. Bambo Franklin anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yotsika mtengo, kufikira kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain inabvomera. Motero mu 1949 inafika wailesi imene inatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, chifukwa thupi lake linali ngati sefuliya yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wabuluu. Mtengo wake unali £5, ndipo batire lake, la masheleni 25, linkagwira ntchito maora 300. Ndalama zimenezo zinali zambiri kwa mlimi wa kumudzi, kotero kuti nyumba imodzi ikagula, anansi onse ankasonkhana pakhonde pake madzulo.

Antchito a wailesiyo sanakhale mu Lusaka mokha. Anayenda m'midzi ndi makina ojambulira mau, natenga nyimbo za makolo kuti zimveke ku mitundu ina. Wodziwika koposa mwa iwo ndi Bambo Alick Nkhata, amene anabadwa mu 1922, ndipo atabwera ku nkhondo anayamba agwira ntchito ndi Bambo Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za mu Afrika, asanalowe ku wailesi. Pa nyengo yomweyo, kuyambira 1948, bungwe la Central African Film Unit linkakonza makanema ophunzitsa za ulimi ndi za ukhondo, amene ankaonetsedwa usiku m'midzi ndi galimoto zoyendayenda. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961; ku Malawi inachedwa kufikira 1999.

Pali kusiyana kumodzi kwakukuru pakati pa masiku aja ndi ano. Pakhonde paja ana ankamvera pamodzi ndi akulu, ndipo wailesi ikanena chodabwitsa, nkhalamba ina inkayankha pomwepo, kubvomereza kapena kutsutsa. Lero nkhani zomwezo zilowa m'lamya ya m'manja, ndipo mwana aziona ali yekha, popanda wamkulu pafupi. Malo a nkhalamba ija atsala opanda munthu, ndipo woyenera kukhalapo ndi mphunzitsi. Mafunso amene iye ayenera kuphunzitsa ana ndi atatu.

II. Funso loyamba: Kodi mboniyi yatumidwa ndi yani?

Wailesi ya ku Lusaka inakondedwa kwambiri pa zaka zake zoyamba, ndipo anthu ankailembera makalata ochuluka opempha nyimbo ndi opereka moni kwa abale ao a kutali. Koma pofika 1952 ndi 1953 chikondi chija chinasanduka mantha. Boma la atsamunda linali litatsimikiza kulumikiza maiko atatu aja m'chitaganya, pamene anthu akuda ambiri a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland anachikana. Wailesi inali ya boma, chifukwa chake inanena za chitaganya monga boma linafunira. Bambo Peter Fraenkel, amene anagwira ntchito m'nyumbamo, anafotokoza m'buku lao lotchedwa Wayaleshi, la mu 1959, m'mene mphekesera zinafalira zakuti oulutsa mau anali banyama, ndiwo anthu amene ankaganiziridwa kuti agwira anzao usiku ndi kuwachotsa magazi. Mphekeserazo zinali zabodza, koma muzu wake unali woona: anthu anazindikira kuti mau okoma aja ali ndi mwini wake, ndi kuti mwiniyo afuna chimene iwo sachifuna.

Mmodzi wa atsogoleri okana chitaganya anali Bambo Harry Mwaanga Nkumbula, amene poyamba anali mphunzitsi wophunzitsidwa ndi mishoni ya Methodist ku Kafue. Mu 1953 anatentha pamaso pa anthu chikalata cha boma la Britain chonena za chitaganyacho. Chitaganya chinakhazikitsidwabe chaka chomwecho, koma chinatha pa mapeto a 1963. Ndipo kuyambira 2011 bwalo la ndege la mzinda uno lidziwika ndi dzina la mphunzitsi ameneyo. Munthu womvera wailesi ya boma yokha m'masiku ao sakadalota kuti zidzatero.

Phunziro lake siliri lakuti zonse za wailesi ija zinali zachabe. Pa nkhani ya manyowa, ya ntchentche, ndi ya kuwiritsa madzi akumwa, inanena zoona ndipo inathandiza anthu. Pamene inafika pa chinthu chokhudza mwini wake, m'pamene inapendekera mbali imodzi. Ndi m'mene ziriri mpaka lero. Nkhani ina ilipiridwa ndi boma, ina ndi kampani ya migodi, ina ndi eni mahotela ofuna alendo, ina ndi bungwe lopempha thandizo la ndalama, limene lidzaonetsa umphawi wokhawokha. Maina a olipirawo alembedwa pa mapeto a kanema, pa nthawi imene anthu ayamba kunyamuka. Mphunzitsi awakhazikenso pansi ana, awerenge nao mainawo, ndi kuwafunsa chimene wolipirayo angapindule anthu akakhulupirira nkhaniyo.

III. Funso lachiwiri: Kodi ndani amene sanafunsidwe?

Mabuku ndi makanema ambiri anena kuti Dr David Livingstone anatulukira mathithi a pa Zambezi mu Novembala 1855. Choona ndi chakuti iye anali Mzungu woyamba wodziwika kuwaona ndi kulemba za iwo, ndipo anawapatsa dzina la Mfumukazi Victoria. Koma sanafike yekha. Anatsika mtsinje pamodzi ndi Mfumu Sekeletu ya Akololo ndi anthu ake, ndipo opalasa bwato odziwa madziwo ndiwo anamfikitsa pa chisumbu cha m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Mathithiwo anali ndi maina kale, lakuti Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi wogunda, ndi lakuti Shungu Namutitima; ndipo Aleya a Mfumu Mukuni anali ndi malo ao opatulika kumeneko. Dr J. Desmond Clark, amene anayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda uno kufikira 1961, anafukula zida za miyala pafupi ndi mathithiwo, zosonyeza kuti anthu akhala pamenepo zaka zikwi zambirimbiri. Ntchito yao inatchuka kotero kuti mu 1955 akatswiri a mbiri ya makedzana a maiko ambiri anachitira msonkhano wao waukuru ku Livingstone. Tsono mwana akamva mau akuti "anatulukira," afunse kuti: anatulukira kwa yani?

Chitsanzo chachiwiri ndi cholemera koposa. Khoma la Kariba linatsekedwa mu Disembala 1958, ndipo madzi anayamba kukwera m'chigwa cha Gwembe. Nyama zambiri zinatsekeredwa pa zisumbu, ndipo gulu la oyang'anira nyama, lotsogozedwa ndi Bambo Rupert Fothergill ku tsidya la kumwera, linayamba ntchito yozipulumutsa imene inatchedwa Operation Noah. Nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa. Inali ntchito yabwino ndi ya anthu olimba mtima, ndipo zithunzi za agwape onyamulidwa m'mabwato ndi zipembere zomangidwa pa ziphaka zinafika m'maiko ambiri. Koma m'chigwa chomwecho munachotsedwa Atonga pafupifupi 57,000, a mbali zonse ziwiri za mtsinje, amene anasiya minda yao ya m'mbali mwa madzi yokolola kawiri pa chaka, nasiya manda a makolo ao. Mu Seputembala 1958 anthu a Mfumu Chipepo amene anakana kusamukira ku Lusitu anakumana ndi apolisi, ndipo 8 a iwo anawomberedwa nafa. Anthu a kunja ambiri anadziwa za agwape, osadziwa za anthuwa.

Kuti mbali imeneyi idziwika lero ndi chifukwa cha ochepa amene anakhala pansi ndi kufunsa eni ake. Dr Elizabeth Colson ndi Dr Thayer Scudder anayamba kulemba za moyo wa Atonga a m'chigwa mu 1956, madzi asanafike, ndipo anapitiriza kuwatsata zaka makumi angapo. Bambo Tracey aja anajambula nyimbo za m'chigwamo mu 1957. Zithunzi za nyama sizinaname. Koma mwana amene waona izo zokha adzaganiza kuti chigwacho chinali tchire lopanda mwini.

Nkhani za miyambo zifunanso funso lomweli. Mu 1965 Bambo David Attenborough a ku BBC anakonza nkhani ya zigawo zitatu yotsata mtsinje wa Zambezi, ndipo anthu a ku Britain anaona mwambo wa Kuomboka, pamene Litunga achoka ku Lealui kupita ku Limulunga pothawa madzi osefukira. Zithunzi zotere ndi chuma, pakuti zisunga nkhope ndi machitidwe a anthu amene anapita kale. Komabe kamera ikonda chimene chiwala ndi chimene chibvina. Pa Gule Wamkulu kapena pa Makishi, miyambo iwiri imene bungwe la UNESCO linailemekeza mu 2005, kamera itenga zobvala ndi fumbi la pabwalo, nisiya chilangizo chimene mwambowo unyamula. Chimenecho chikhala ndi eni mwambo, ndipo ndiwo ayenera kufunsidwa.

IV. Funso lachitatu: Kodi zinajambulidwa liti?

Cha ku mapeto a chaka cha 2019 mawailesi a kanema ndi manyuzipepala a ku Ulaya anaonetsa zithunzi za mathithi a Mosi-oa-Tunya ali miyala yokhayokha, nanena kuti chodabwitsa cha dziko lapansi chirikuuma. Anthu a m'mizinda ya mbali zonse ziwiri za mtsinje, amene chakudya chao chidalira alendo, anadandaula kwambiri. Pofika Epulo 2020 madzi anali atadzaza phompho lonse, ochuluka koposa a zaka zingapo za m'mbuyo, ndipo ena anayamba kunena kuti nkhani ya chirala inali bodza. Apa pali phunziro la sayansi lokwanira sabata yathunthu.

Mtsinje wa Zambezi uyambira kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino, pafupi ndi phiri la Kalene, nudzera m'dziko la Angola, nubwereranso. Mvula igwa kumeneko kuyambira Novembala kufikira Marichi, koma madzi ake safika kuno msanga, chifukwa ayamba afalikira m'dambo lalikuru la Bulozi, limene liwasunga ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono. Chifukwa chake mathithi adzala koposa cha mu Epulo, mvula italeka, ndipo achepa koposa mu Okutobala ndi Novembala. Phompho lake ndi lotambalala mamita oposa 1,700, ndipo pozama koposa lifika mamita 108. Koma mwala umene madzi agwerapo suli wolingana. Mbali ya kum'mawa, ya ku Zambia, ndi yokwererapo, kotero kuti chaka chirichonse iyamba ndiyo kuuma, pamene mbali ya kumadzulo igwabe madzi. Ndiponso madzi ena a mbali ya kum'mawayo apatutsidwa kupita ku nyumba yopangira magetsi. Wojambula amene aima kum'mawa mu Novembala adzatenga miyala youma ngakhale pa chaka chabwino.

Koma chirala cha chaka chimenecho chinali chenicheni. Chimanga chinapserera m'minda ya chigawo cha kumwera, nyanja ya Kariba inatsika kwambiri, ndipo magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku. Chinabweranso china choopsa mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti dziko liri pa ngozi. Motero amene anati mathithi afa analakwa, ndipo amene anati palibe bvuto analakwanso. Chithunzi cha tsiku limodzi sichingagamule mlandu wa nyengo. Ofunika ndi miyeso ya zaka zambiri yoikidwa pamodzi. Mwana amene wamvetsa ichi waphunzira chiyambi cha sayansi.

Nzeru za sayansi nazonso ziri ndi tsiku lake. Dr Clark aja anapeza malo okhala anthu a makedzana ku mathithi a Kalambo, pafupi ndi Mbala, mu 1953. Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi Professor Larry Barham a ku yunivesite ya Liverpool, pamodzi ndi akatswiri a m'dziko muno, linafukula kumeneko mitengo iwiri yosemedwa ndi kupingasitsidwa mwadala. Ndipo mu 2023 analengeza kuti yakhala zaka pafupifupi 476,000, ndi kuti palibe chomangidwa cha mitengo chodziwika chakale koposa chimenecho pa dziko lonse. Kanema wokonzedwa chaka chimenecho chisanafike sangathe kunena zimenezi, ngakhale wokonzayo anali woona mtima. Mphunzitsi ayang'ane chaka chimene nkhani inakonzedwa, achilembe pa bolodi, ndi kuuza ana kuti odziwa zinthu apitiriza kufufuza.

V. Machitidwe a m'kalasi

Kuphunzitsa ndi wailesi si chinthu chachilendo kwa aphunzitsi a m'midzi. Maphunziro a Learning at Taonga Market anayamba kuulutsidwa m'dziko muno mu 2000, ndipo ku Malawi kunali a Tikwere; ndiponso sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, wailesi ndi kanema ndizo zinagwira ntchito ya kalasi kwa ana amene anali nazo. Maphunziro amenewo anakonzedwera ana mwadala. Nkhani zoona zimene zakambidwa pano zambiri zinakonzedwera akulu a maiko ena, chifukwa chake zifuna kusamala kotere:

1. Mphunzitsi ayambe wamvera kapena kuona nkhaniyo yekha, ngati kuli kotheka. Asabweretse m'kalasi chimene iye mwini sanachione.

2. Asankhe chigawo chachifupi, cha mphindi 10 kapena 15. Mwana womvera Chingerezi cha mlendo atopa msanga, ndipo akatopa angoyang'ana zithunzi.

3. Asanayatse, alembe pa bolodi mau obvuta pamodzi ndi matanthauzo ake m'chinenero cha ana, asonyeze malowo pa mapu, ndi kulemba mafunso atatu aja.

4. Atazimitsa, ana anene okha zimene amva, mphunzitsi asanalankhule. Pamenepo m'pamene zosamvetsa zioneka.

5. Ana alekanitse zimene aona ndi maso ndi zimene wolankhulayo wawauza. Nyimbo yachisoni yoikidwa pansi pa chithunzi nayonso ndi mau a wokonza.

6. Pa nkhani iriyonse yaikuru pafunidwe mboni yachiwiri: buku, nkhani ina ya pa wailesi, mlangizi wa ulimi, namwino wa pa chipatala, kapena nkhalamba ya m'mudzi.

Mphunzitsi achenjere ndi chinthu chimodzi. Cholinga sichiri chakuti ana akhale onyoza, okana chirichonse chimene amva, pakuti mwana wokana zonse ndi wosavuta kumnamiza monga mwana wobvomera zonse. Amene anakhulupirira za banyama anali atasiya kukhulupirira wailesi. Mboni ikafunsidwa niyankha bwino, mau ake alandiridwe.

VI. Sukulu ikhale ndi mboni zake

Chatsala ndi ntchito imene palibe mlendo wotsika pa bwalo la ndege angaichite m'malo mwa sukulu. Bambo Nkhata ndi Bambo Tracey anafunika galimoto kuti anyamule makina ao. Lero lamya ya m'manja ya mphunzitsi ijambula mau omveka bwino, ndipo kumene lamya palibe, kope ndi pensulo zikwanira. Ana a makalasi apamwamba atumidwe awiriawiri kwa akuluakulu a m'mudzi, kukafunsa kumene mudziwo unachokera, tanthauzo la maina a mitsinje ndi mapiri, zaka za njala ndi za dzombe, ndi m'mene anthu anapulumukira. Mfumu iyambe yauzidwa, ndipo wofunsidwayo abvomere yekha. Pa tsamba lirilonse palembedwe dzina la wonena, malo, ndi tsiku, kuti mboni imeneyi nayonso idzathe kufunsidwa mafunso atatu aja. Zinsinsi za kudambwe ndi za kuchinamwali zisiyidwe kwa eni ake.

Momwemonso pa za sayansi. Chitini choongoka choimikidwa pa bwalo la sukulu, ndi rula, ndi kope limodzi losungidwa bwino, zidzapatsa sukulu mbiri ya mvula ya dera lake. Ndipo zikapita zaka 10, ana adzakhala ndi poyesera mau a wailesi onena za kusintha kwa nyengo. Sukulu zimene zikhoza kufika ku Livingstone Museum zipite ndi ana, akaone ndi maso zida za miyala zija ndi makalata a Dr Livingstone. Ndipo zimene ana asonkhanitsa zikhoza kuperekedwa ku mawailesi a m'madera, monga Radio Chikuni ya kufupi ndi Monze kapena Breeze FM ya ku Chipata, amene alankhula zinenero za anthu ao.

Ntchitoyi siyenera kuchedwa. Amene anachoka m'chigwa cha Gwembe mu 1958 ali ana a zaka 10, tsopano ayandikira zaka 80, ndipo amene anamvera Saucepan Special pakhonde atsala owerengeka. Makolo anati mau a akulu akoma akagonera. Koma akoma kwa iye yekha amene anawamva ndi kuwasunga mwini wake asanagone. Mphunzitsi amene aphunzitsa ana kufunsa mboni ya kutali mwaulemu, ndi kulemba mau a mboni ya pafupi mosamala, wawapatsa chinthu chimene adzachigwiritsa ntchito ngakhale makina a lero atasinthika monga inasinthikira wailesi ya sefuliya ija.